Kupenta Nyumba Muli Matenda: Mafunso ndi Mayankho a ku Molumbo

Boma la Molumbo, limene linapatulidwa ku boma la Milange m'chaka cha 2013, lili m'chigawo cha Zambezia m'dziko la Mozambique, kufupi ndi malire a Malawi, ndipo anthu ake ambiri amalankhula Chilomwe ndi Chichewa, pamene Chipwitikizi chimamveka kwambiri kusukulu, kuchipatala ndi m'maofesi. Ndalama m'dera limeneli zimabwera ndi zokolola monga chimanga, nandolo, soya ndi fodya, kotero ntchito zokonza nyumba zimaunjikana m'chilimwe, kuyambira pamene nandolo wagulitsidwa kufikira masabata oyandikira Khirisimasi. Koma kudwala sikudikira kuti mbewu zigulitsidwe, ndipo si zachilendo kuti chitini cha penti chifike pakhomo pamene m'nyumbamo muli matenda, mawu amene m'Chichewa amatchula nthenda komanso munthu wodwalayo.

Kodi kuzira, kupaka njereza ndi kupenta ndi ntchito imodzi?

Pa maso zimafanana, chifukwa zonse zimapatsa khoma nkhope yatsopano, koma pa za umoyo n'zosiyana. Kuzira ndi kupaka mtsiro, dothi losankhidwa losakaniza ndi madzi, pansi kapena pa khoma, ndipo ndi ntchito imene amayi amaibwereza kangapo pa chaka popanda kugula kanthu. Njereza, imene ena amaitcha laimu ndipo m'Chipwitikizi ndi cal, imachokera ku miyala yowotchedwa pa moto waukulu kenako n'kuthiridwa madzi. Ikapakidwa imamwa mpweya n'kuumanso ngati mwala wopyapyala woyera. Penti wogula m'sitolo ali pawiri: wa madzi, amene amasungunulidwa ndi madzi ndipo amauma m'maola ochepa, ndi wa mafuta, wonyezimira uja wa pa zitseko, pa mafelemu ndi m'munsi mwa makoma, amene amasungunulidwa ndi thinazi kapena tapentaini, ngakhale kuti amisiri ena pofuna kuchepetsa mtengo amathiramo parafini kapena petulo. Mavuto ambiri amene penti amabweretsa kwa wodwala ndi kwa ana amachokera ku penti wa mafutayu. Vuto limodzi lokha, lokhudza malungo, limakhudza njira zinayi zonsezi mofanana, ndipo ndi limene anthu saliganizira kawirikawiri.

Kodi fungo la penti lingakulitse matenda a munthu amene ali gone m'nyumba?

Lingathe. Fungolo ndi nthunzi ya mankhwala osungunulira penti imene imatuluka pamene khoma likuuma, ndipo mwa munthu wabwinobwino imayambitsa mutu, chizungulire, nseru ndi kuyabwa kwa maso ndi pakhosi, zimene zimatha akatuluka panja. Kwa munthu wa mphumu, wa chibayo kapena wa chifuwa chachikulu, amene mapapo ake ndi olema kale, nthunzi yomweyo ikhoza kumubanikitsa, ndipo makanda, amayi oyembekezera ndi okalamba ayenera kuwerengedwa m'gulu lomweli. Nyumba zambiri zakumudzi zili ndi mazenera aang'ono, ena otsekedwa ndi njerwa kapena chiguduli poopa akuba ndi mphepo, ndipo makoma a zipinda safika kudenga, kotero kupenta pabalaza n'chimodzimodzi kupenta kuchipinda kumene kwagona wodwalayo.

Njira yake ndi yakuti wodwala asamukire kwa achibale kapena m'nyumba ina ya pabwalo lomwelo, zitseko ndi mazenera zikhale zotsegula usana wonse, ndipo abwerere fungo litatheratu, zimene pa penti wa madzi zimatenga masiku awiri kapena atatu, pamene pa penti wa mafuta zimatenga masiku ochulukirapo. Kuika mbaula m'chipinda kuti khoma liume msanga n'kuitana ngozi ziwiri nthawi imodzi, popeza nthunzi ya thinazi ndi petulo imagwira moto, ndiponso makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Komabe fungo lili ndi ubwino umodzi, wakuti limachenjeza ndipo limatha. Zoopsa zimene zimakhalitsa pa khoma zilibe fungo.

Nanga mtovu umene umatchulidwa pa nkhani ya penti n'chiyani?

Mtovu ndi chitsulo chofewa ndi cholemera, chomwe chija chimapezeka m'mabatire a galimoto, ndipo opanga penti ena akhala akuuthira mu penti wa mafuta kuti mtundu uwale, penti aume msanga ndiponso chitsulo chisachite dzimbiri. Umapezeka kwambiri mu penti wachikasu, wofiira, wa mtundu wa lalanje ndi wobiriwira. Pamene penti ali wamphumphu pa khoma savuta kwenikweni, koma akayamba kusuka, kukanganuka kapena kukhuzika pa chitseko chotsegulidwa tsiku ndi tsiku, amasanduka fumbi limene limagwa pansi pomwe mwana amakwawa, ndipo kuchokera pansipo limapita ku zala, kenako kukamwa. Thupi la mwana limayamwa mtovu wambiri kuposa la munthu wamkulu, ndipo umakawononga ubongo umene ukukula, kuchepetsa magazi ndi kufooketsa impso. Mwa mayi, mtovu umene unabisala m'mafupa kwa zaka ukhoza kubwerera m'magazi pa nthawi ya pakati n'kufika kwa mwana wosabadwayo.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo lipoti limene UNICEF ndi Pure Earth anatulutsa mu 2020 linayerekeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wochuluka m'magazi. Chovuta n'chakuti mwana wotere saoneka wodwala mwa njira imene makolo angaizindikire msanga. Amangokhala wochedwa kugwira zinthu m'kalasi, wosachedwa kupsa mtima kapena wosakonda kudya, ndipo pakhomo amangomutcha waulesi. Tauni ya Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akuvutikabe ndi fumbi lake, ikusonyeza kuti chitsulo chimenechi sichiola ndipo sichichoka chokha.

Kodi wogula angadziwe bwanji kuti penti alibe mtovu?

Ndi maso kapena mphuno sangadziwe. Malire amene WHO ndi nthambi ya zachilengedwe ya United Nations amalimbikitsa ndi akuti mtovu usapitirire magawo 90 pa magawo 1,000,000 alionse a penti wouma, ndipo zimenezi zimayezedwa ku labotale kokha. Nkhaniyi imakhudza Molumbo mwa njira yapadera chifukwa katundu wa m'masitolo a m'malire amachokera mbali zonse ziwiri, wina kudzera ku Mocuba ndi ku Milange, wina kuchokera ku Malawi kudzera pa chipata cha Muloza. Ku Malawi, bungwe la Lead Exposure Elimination Project litayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'masitolo mu 2020, linapeza kuti woposa theka anali ndi mtovu wopitirira malire amenewa, ndipo bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards linayamba kutsatira opanga penti, kotero kuti kuyeza kwa m'zaka zotsatira kunasonyeza kuti vutoli lachepa. Kuchepa si kutha, ndipo penti amene anapakidwa kale akadali pa zitseko ndi pa makoma a nyumba, masukulu ndi matchalitchi.

Banja limene lili ndi ana aang'ono kapena mayi woyembekezera lingachite bwino kusankha penti wa madzi kapena njereza m'kati mwa nyumba, popeza mtovu supezeka kawirikawiri mu penti wa madzi, ndipo ngati penti wa mafuta akufunika ndithu, woyera ndi wodalirika kuposa wa mitundu yowala. Penti wopungulidwira m'mabotolo opanda chizindikiro, komanso wopangidwira magalimoto, misewu kapena zitsulo za m'mafakitale, sayenera kulowa m'chipinda chogona ngakhale atatsika mtengo motani.

Kodi penti wakale achotsedwe bwanji asanapake watsopano?

Apa ndi pamene ntchito yokongoletsa nyumba imasandukira ngozi, chifukwa kukhula khoma louma ndi sandipepa kapena burashi yawaya kumamwaza m'tsiku limodzi fumbi limene likanatenga zaka kuti ligwe lokha, ndipo kuwotcha penti ndi moto kumasandutsa mtovu kukhala utsi wopumidwa. Malo okanganuka anyowetsedwe kaye ndi madzi, apalidwe pang'onopang'ono, zopalidwazo zigwere pa pepala la pulasitiki loyalidwa pansi, ndipo pomaliza pansi papukutidwe ndi chiguduli chonyowa m'malo mosesa ndi tsache. Ufa, ziwiya, mphasa ndi zofunda zitulutsidwe ntchito isanayambe, ana ndi amayi oyembekezera asayandikire, ndipo wogwira ntchitoyo asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana kapena kukhala pa mphasa yodyera. Penti wakale amene akadagwira bwino ndi bwino kungomukuta ndi watsopano kusiyana ndi kumukhula.

Kodi kupenta kukukhudzana bwanji ndi malungo?

Kukukhudzana kwambiri, ndipo ku Molumbo funso limeneli ndi lolemera kuposa onse. Kafukufuku wa malungo wa dziko lonse la Mozambique wa 2018 anapeza tizilombo ta malungo mwa ana 39 pa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu amene anayezedwa, ndipo m'chigawo cha Zambezia chiwerengerocho chinali 44. N'chifukwa chake Molumbo ndi Milange anali m'gulu la maboma, pamodzi ndi ena monga Mopeia, Morrumbala ndi Derre, kumene unduna wa zaumoyo, mothandizidwa ndi ndondomeko ya boma la America ya President's Malaria Initiative, unkapopera mankhwala ophera udzudzu m'kati mwa nyumba, ntchito imene m'Chipwitikizi imafupikitsidwa kuti PIDOM.

Kuti nkhaniyi imveke, pafunika kudziwa khalidwe la udzudzu wofalitsa malungo wa mtundu wa Anopheles. Udzudzu waukazi ukaluma munthu usiku umalemedwa ndi magazi, ndipo usanatuluke umatera pa khoma kapena kudenga kuti upume. Mankhwala opoperedwa aja amakhala ngati kansalu kosaoneka pamwamba pa khomalo, kotero udzudzu ukatera umawatenga ndi miyendo n'kufa usanakalume munthu wina. Mphamvu yonse ya mankhwalawo ili pamwamba penipeni pa khoma, m'malo opyapyala kuposa chikhadabo, ndipo imayenera kukhala pamenepo miyezi ingapo mpaka dzinja lidutse. Mtsiro, njereza kapena penti zikapakidwa pamwamba pake, mankhwalawo amakwiririka, ndipo udzudzu umatera pa khoma latsopano lopanda kanthu. Njereza yongopakidwa kumene imawonjezerapo vuto lina, chifukwa ukali wake umaphwanya ena mwa mankhwala ophera tizilombo.

Phindu limene limatayika si laling'ono. Kafukufuku amene anachitika ku Mopeia, m'chigawo chomwechi, kumene midzi ina inapoperedwa mankhwala a Actellic mu 2016 ndi 2017 kuwonjezera pa masikito pamene ina inali ndi masikito okha, anapeza kuti kutenga malungo mwa ana aang'ono kunatsika ndi magawo 18 pa 100 alionse m'midzi yopoperedwayo. Kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2022 ndipo wochitikira m'maboma a Matutuine ndi Boane kummwera kwa dzikolo, anatsatira nyumba zopoperedwa mwezi ndi mwezi n'kupeza kuti mabanja ambiri anali kutsuka, kumata kapena kupenta makoma awo, kotero kuti chiwerengero cha makoma otetezedwa chinali kutsika ngakhale kuti m'mabuku a boma nyumbazo zinali kuwerengedwabe kuti n'zopoperedwa.

Ngati n'choncho, n'chifukwa chiyani anthu amakuta makoma opoperedwa?

Si umbuli kapena mwano, monga amafulumira kunena ena ogwira ntchito zachitukuko. Kupopera kumachitika mvula isanayambe, makamaka m'miyezi ya Okutobala mpaka Disembala, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe m'thumba muli ndalama za nandolo, alendo a Khirisimasi akuyembekezeka, ndipo mayi aliyense wodzilemekeza amafuna kuti nyumba yake ioneke yozira bwino. Ena amadandaula ndi fungo la mankhwala ena, ena ndi mawanga otsala pa khoma loyera, ena amati nsikidzi zimatuluka m'ming'alu pambuyo pa kupopera, ndipo kumata ming'aluyo kumaoneka ngati yankho lanzeru. Pakhomo pamene pali wodwala chikakamizo chimakula, popeza anthu odzazonda matenda amalowa mpaka kuchipinda, ndipo khoma lothimbirira ndi utsi limachititsa manyazi mwini nyumba.

Chimene chingathetse mkanganowu ndi kutsatana kwa ntchito, osati kuletsa ukhondo. Kuzira makoma, njereza ndi penti zichitike mu Ogasiti kapena Seputembala, khoma liume bwino, ndipo opopera akabwera apeze nkhope yomaliza ya khomalo. Akachoka, khoma la m'kati lisatsukidwe kapena kupakidwa kanthu mpaka mvula itatha. Kunja kwa nyumba kukhoza kukongoletsedwa nthawi iliyonse, ndipo kuzira pansi sikuchotsa mankhwala a pa khoma malinga ngati mtsiro sukwezedwa m'mwamba. Mfumu, mlembi wa dera kapena wothandiza zaumoyo wa m'mudzi, amene ku Mozambique amadziwika ndi zilembo zakuti APE, ndi amene angafunsidwe ngati chaka chimenecho kudzakhala kupopera. Kaya kulipo kaya kulibe, masikito sayenera kuiwalika m'chipwirikiti cha kusamutsa katundu: wodwala akasamukira kwina pothawa fungo la penti, masikito ake amutsatire usiku womwewo.

Kodi njereza imapha matenda amene ali m'nyumba, monga chifuwa chachikulu?

Njereza yaiwisi ndi yaukali ndithu, imapha tizilombo tina timene tili pa khoma, ndipo n'chifukwa chake yakhala ikupakidwa m'zimbudzi ndi m'makola kuyambira kale. Ukali womwewo umawotcha khungu, ndipo ikagwera m'diso, disolo liyenera kutsukidwa ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali munthuyo n'kupita kuchipatala. Koma chifuwa chachikulu sichikhala pa khoma. Chimayenda mu mpweya, m'timadontho tosaoneka timene wodwala amatulutsa akakhosomola, ndipo chimene chimateteza a m'nyumba ndi mphepo yodutsa, kuwala kwa dzuwa, ndiponso koposa zonse mankhwala, amene amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma ku Mozambique ndi ku Malawi, amamwedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amachepetsa kwambiri kupatsirana m'masabata oyambirira. Onse ogona nyumba imodzi ndi wodwalayo, makamaka ana osakwana zaka zisanu, amafunika kukaonedwa kuchipatala. Ndalama ya chitini chimodzi cha penti ikanagwira ntchito yaikulu ikanaboola zenera lachiwiri moyang'anana ndi loyamba. Kolera nayenso, amene anavuta kwambiri ku Quelimane mu 2023, amayenda m'madzi ndi m'chakudya, ndipo amagonja ndi madzi othira klorini, chimbudzi ndi kusamba m'manja, osati ndi khoma loyera.

Nanga khoma lachinyontho limene lamera chuku?

Namondwe Freddy, amene anagwera m'chigawo cha Zambezia pafupi ndi Quelimane mu Malichi 2023 n'kuwononganso Mulanje ndi Phalombe tsidya lina la malire, anasiya nyumba zambiri zimene sizinagwe zili ndi makoma omwa madzi, ndipo mvula ya chaka chilichonse imabwereza zomwezo pang'onopang'ono. Chuku, mawanga akuda kapena obiriwira amene amamera pa malo onyowa, chimatulutsa fumbi limene limautsa mphumu ndi chifuwa. Kupenta pamwamba pake kumangobisa, chifukwa chinyontho chimatukumula pentiyo ndipo chukucho chimabwerera. Choyamba ndi kutseka podontha, kukumba ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa maziko ndi kulola khoma kuti liume m'chilimwe. Pa khoma la zidina kapena lomata ndi dothi, njereza imaposa penti wa mafuta, popeza imalola chinyontho kutuluka pamene penti wa mafuta amachitsekera m'kati.

Kodi n'koyenera kuwononga ndalama pa penti pamene wina akudwala?

Limeneli si funso la madokotala, koma limawakhudza. M'mabanja ambiri a dera lino, kumene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, za matenda aakulu sizigamulidwa ndi awiri okha, ndipo mwini mbumba, amene kawirikawiri ndi mlongo wake wa mkaziyo, amayembekezera kuuzidwa. Mkamwini amene wafika ndi zitini za penti mwana ali gone akhoza kuoneka wopanda chisoni, ngakhale cholinga chake chitakhala kuchotsa fumbi ndi nsikidzi zimene zikusautsa wodwalayo. Mbali inanso, munthu amene wadwazika matenda kwa miyezi amafuna ntchito ya manja imene zotsatira zake zimaoneka, ndipo chipinda choyera ndi chowala chimatsitsimula wodwala wa nthawi yaitali, zimene siziyenera kupeputsidwa.

Chimene chiyenera kuyezedwa ndi mtunda. Kuchokera m'midzi yambiri ya Molumbo, ulendo wa ku chipatala chaching'ono, ndiponso wa ku chipatala chachikulu cha ku Milange kapena kuwoloka malire kupita ku zipatala za ku Malawi monga amachitira ena, umafuna njinga yamoto ndi ndalama ya m'manja, ndipo m'dzinja misewu yadothi imakweza mtengo. Malungo mwa mwana akhoza kufika poopsa m'tsiku limodzi, pamene chitini chosatsegula ndi thumba la njereza losungidwa pouma zimadikira miyezi. Ndalama ya ulendo ikapatulidwa kaye, yotsalayo ikhoza kupita ku khoma popanda wina kudandaula.

Kodi mkaka umateteza wopenta, ndipo ndowa zotsala zingagwiritsidwe ntchito?

Chikhulupiriro chakuti kapu ya mkaka imatsuka penti m'chifuwa n'chofala pakati pa amisiri, koma mkaka umapita m'mimba pamene nthunzi yapita m'mapapo ndi m'magazi, kotero suchotsa kanthu; kansalu kapena chophimba pakamwa cha wamba chimachepetsako fumbi lokhalokha, osati nthunzi. Kusamba m'manja ndi petulo kapena thinazi kumaumitsa ndi kung'amba khungu, pamene mafuta ophikira otsatiridwa ndi sopo amachotsa penti wa mafuta bwinobwino. Thinazi ndi parafini wotsala sayenera kusungidwa m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana waludzu amakhulupirira botolo, ndipo ngati wamwa asasanzitsidwe, popeza mafutawo akabwerera amalowa m'mapapo, koma athamangitsidwe kuchipatala. Ndowa ya malita 20 imene munali penti wa madzi, ikatsukidwa bwino, ikhoza kutungira madzi omangira kapena ochapira, koma chitini chimene munali penti wa mafuta sichiyenera kusungira madzi akumwa, ufa kapena thobwa, ndiponso sichiyenera kuikidwa pa moto kuti chikhale mphika.